Muno Sitilowa ndi Nsapato

Kurihara Tadao ananama, ndipo mpaka lero sakana. Anauza mtsikana wazaka makumi awiri kuti galimoto yofiira ija sinachitepo ngozi, chonsecho anaiwongola yekha ndi manja ake.

Ankagulitsa magalimoto akale m'munsi mwa phiri, kunja kwa tauni ya Kofu. Yofiirayo inali ya mipando iwiri, yotsika pansi, ya injini yaukali, ndipo anaigula itaphwanyika kumaso. Anamva kuti mwini wake anafera momwemo pamsewu wokhotakhota wa m'phirimo, koma dzina sanafunse. Anakoka fulemu, chitsulo chachikulu cha kunsi chomwe chinakhota, napaka penti, nalemba papepala kuti galimotoyo ilibe mbiri yoipa. Ngakhale kukachisi kuti wansembe akaiyeretse sanapite nayo, poti wansembeyo anali mnzake wa kusukulu, munthu wa mafunso ambiri.

Mtsikanayo, Onodera Natsuki, ankagwira ntchito kufakitale ya magalasi a makamera. Anabwera Lachitatu ndi kakope kodzaza mayina a magalimoto.

"Bambo, ndikufuna yokoma pokhota. Liwiro la pamsewu wowongoka ndilibe nalo ntchito."

"Laisensi munatenga liti?"

"Uno ndi mwezi wachinayi."

"Ndiye tengani yoyera iyo, chemwali. Njofatsa."

"Imeneyo ndi yopitira kuchipatala ndi nyamakazi. Mudzaigule nokha."

Anayesa yabuluu, nati njolemera ngati basi. Kenaka anafika pa yofiira. Anavula nsapato, naziika bwinobwino pansi, nalowa ndi masokosi, monga amachitira achinyamata osamala galimoto kuposa chipinda chogona.

"Simunaigule n'komwe," Kurihara anatero.

"Ndaigula kale, inu ndi amene simukudziwa. Inachitapo ngozi?"

"Ayi."

Anapangana kuti adzaitenge Loweruka m'mawa. Mtsikanayo anati adzadutsa nayo paphiri kukaonetsa bambo ake, omwe ankakhala kuseri kwake.

Lachisanu madzulo Kurihara anatseka ofesi, nadya mpunga wake, koma mtima sunakhale pansi. Chiwongolero chinkakokera pang'ono kumanzere, ndipo iye ankadziwa. Anaganiza zokwera nayo phiri kuti aone ngati mwana wa laisensi ya miyezi inayi angazindikire. Zoti mwanayo angapulumuke kapena ayi sanaziganize. Ankangofuna kudziwa ngati angagwidwe bodza.

Mvula inali itangokata. Pamwamba pa phiri panali malo oimikapo magalimoto ndi makina ogulitsa zakumwa za m'zitini, owala okha mumdima. Anaima, natuluka kukagula khofi. Chitini cha khofi chitagwa m'makinamo, anamva mawu kumbuyo kwake.

"Pepani akulu. Simunaoneko nsapato pano? Zoyera, za zingwe zabuluu."

Anali mnyamata wamtali, wa jekete yopepuka. Kurihara anayang'ana kumapazi kwake. Masokosi oyera okhaokha. Pansi ponse panali madzi, koma masokosiwo anali ouma. Mantha sanamugwire. Anangodabwa, nayang'ananso kachiwiri.

"Unazisiya pati?"

"Pompano. Ndinavula, n'kulowa m'galimoto, n'kunyamuka. Ndinakumbukira nditafika pakhona yachitatu." Mnyamatayo anakanda m'mutu mwamanyazi. "Si koyamba. Amayi amati tsiku lina ndidzasiya mutu."

Kurihara anaseka. Nsapato zopanda mwini, zoyalidwa bwino pamalo oimikapo magalimoto, anazionapo kambirimbiri.

"Nanga galimoto yako ili kuti?"

Mnyamatayo ankazungulira yofiira ija pang'onopang'ono, dzanja lili pa boneti.

"Mwapaka bwino. Koma kufiira kwake sikunali uku, kunali koderako." Anagwada, nasuzumira kunsi. "Fulemu munasintha, kapena munangokoka?"

"Ndinangokoka."

Mawuwo anatuluka okha. Chiyambire, panalibe munthu amene anamuuzapo.

"Ndinamva mukukwera. Yapeza mwini?"

"Mtsikana wina. Akutenga mawa."

"Waikonda?"

"Anavula nsapato asanaigule."

Nkhope ya mnyamatayo inawala. "Ndiye ndi munthu wabwino. Adzadutsa kuno?"

"Mawa lomweli."

"Amavala saizi yanji?"

Kurihara anagwira chitini cha khofi ndi manja onse awiri. Chinali chitazizira kale.

"Ndikungofunsa, akulu. Kuno kumazizira kumapazi. Munganditsitseko?"

Kurihara anatembenuka kuti akane. Mnyamatayo anali atakhala kale kumpando wa wokwera, atamanga lamba. Kurihara atatsegula chitseko chake, mnyamatayo anakweza dzanja mwaulemu.

"Pepani. Muno sitilowa ndi nsapato."

Zaka makumi atatu akugulitsa magalimoto, Kurihara anali asanavulirepo galimoto nsapato. Usiku umenewo anavula, naziika pansi moyandikana, nalowa, nanyamuka.

Khona yoyamba anadutsa bwino. Mnyamatayo ankamvetsera injini, mutu atapendeketsa.

"Apa giya yachiwiri. Eya. Musaiope, imakonda kulira."

Khona yachiwiri. Magalasi anayamba kuchita nthunzi mbali ya Kurihara yokha.

"Iwe," Kurihara anatero, "kwanu n'kuti?"

"Kumunsi, pafupi ndi mlatho. Papita nthawi ndisanafikeko. Munthu sungalowe pakhomo la amayi ako chonchi."

Msewu unatsetsereka. Kutsogolo kunaoneka chitsulo chotchinga m'mphepete, ndipo chigawo china chinali chatsopano, chonyezimira kuposa chinzake.

"Akulu," mnyamatayo anatero mofatsa, "nsapato zanu."

Kurihara anayang'ana kumapazi.

Kunali kuphethira kamodzi kokha. Chiwongolero chinathawira kumanzere. Anaponda buleki, sokosi inaterereka. Anapondanso ndi mapazi onse awiri. Matayala analira, galimoto inazungulira, n'kuima. Pakati pa nyali ndi chitsulo chatsopano chija pakanangokwana chikhatho.

Kumpando wa wokwera kunalibe munthu. Lamba anali womangabe.

Sanailizenso. Anaisiya pomwepo nyali zikuphethira, nakwera phiri wapansi, miyala ikumubaya. Anati akatenge nsapato zake basi, zina akaganiza pambuyo. Atafika pamakina aja, anapeza timalo tiwiri touma pansi ponyowa. Nsapato panalibe.

Kenaka anamva mapazi akutsika msewu mumdima, osathamanga. Nsapato yake yakumanzere inali ndi kakulira kake, chidendene chitamasuka. Anakamva kakupita, kakupita, kulowera kumlatho.

Anamupeza m'bandakucha ndi Mayi Sakamaki, operekera nyuzipepala, atatsamira makinawo.

"Bambo Kurihara, mowa wake uti wotha ndi nsapato zomwe?"

"Sindinamwe, mayi."

Mayiwo anayang'ana masokosi ake, kenaka kumunsi komwe galimoto inaima. Kuseka kunawathera. Anamukweza m'galimoto mwawo, natsika naye mpaka kudutsa khona yachitatu.

"Mwana wa kwa Fujimaki anamupeza choncho pakhona imeneyi, wopanda nsapato," anatero. "Amayi ake anakwera kuno sabata yathunthu kufuna nsapatozo."

Isanakwane eyiti, msewu wonse unali utamva. Ena ankati ndi mowa ndithu. Ena ankanong'ona kuti Mayi Fujimaki apeza pakhomo nsapato zakuda zachimuna, zonyowa, zitayang'ana m'nyumba. Kurihara sanapite kukaona, ndipo sanazifunsepo.

Natsuki anafika naini koloko, m'manja atanyamula chizindikiro cha tsamba chomwe oyamba kuyendetsa amamata pagalimoto. Anapeza yofiira ija ili pamwamba pa lole, matayala ali matope.

"Bambo, mukupita nayo kuti galimoto yanga?"

Kurihara anali atakonza bodza lina m'njira. Akanati injini yavuta, adikire sabata imodzi. Mtsikanayo akanakhulupirira. Anaima patsogolo pake, nawerama mpaka msana unapweteka, ndipo sanadzuke.

"Chemwali, munandifunsa Lachitatu, ine ndinakunamizani. Galimoto iyi inapha munthu, ndipo njokhota mpaka pano. Ndinkadziwa, koma ndikanakulolani kukwera nayo phiri lero. Ndilibe chodzikanira. Pepani. Ndikhululukireni, ngati mungathe."