Anyezi Wokana Kuwola

Chimene chinamusowetsa tulo Siyeni sabata imeneyo sikunali kulira kwa mwana. Kunali kukhala chete kwa Mphuno.

Mphuno anali makina a miyendo inayi, msinkhu ngati mbuzi, wa khosi lalitali lopindika ngati paipi yothirira. Ntchito yake inali kununkhiza anyezi. Ankayenda pakati pa milu m'nyumba yosungira mbewu, n'kumapisa khosi apa ndi apo. Akamva kafungo ka kuwola, ngakhale kamene munthu sakanakamva mpaka patapita masiku, nyale ya pamsana pake inkafiira, iye n'kulira ngati kamwana ka mbuzi kotayika. Zonse zikakhala bwino, nyale inkabiriwira, iye n'kudutsa duu.

M'chaka cha 2074 Mphuno ankalira pafupifupi paliponse. Chivunde chinali chitadya madimba a anyezi kuyambira ku Dedza mpaka ku Ntcheu. Matendawa ankabwera ndi mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso, tolowera pakhosi pa anyezi n'kukamudya m'kati. Kunja ankaoneka bwinobwino, khungu likuwala. Ukamufinya pakhosi, pankatuluka madzi onunkha ngati a m'ngalande. Pamsika wa Lizulu, pamene kale milu ya anyezi inkabisa wogulitsa, panatsala mabenchi opanda kanthu. Dimba la Siyeni linawola chaka ndi chaka, mpaka mwamuna wake anawoloka malire kukafuna ganyu ku Tete. Siyeni, wolekezera sukulu sitandade 7, anapeza ntchito yosanja anyezi pa siteshoni yoyesera mbewu, mwana wake Mzati ali kumbuyo.

Pa siteshonipo anasonkhanitsa mitundu ya anyezi yochokera kumaiko ambirimbiri, kufuna kupeza wopirira chivunde. Ankadzala m'nyumba zagalasi, ndipo timikono tachitsulo tinkabaya aliyense pakhosi ndi singano yoviikidwa dala m'madzi a matendawo. Kenako n'kudikira. Wa ku India anawola. Wa ku Iguputo anawola. Wamkulu ngati chibakera, amene aliyense ankamudalira, anasungunuka asanakhwime n'komwe. Kunatsala mmodzi, wotuwa, wamng'ono, wosakongola. Anamubaya, n'kumubayanso, koma ukamufinya anali gwa ngati mwala. Mphuno ankafika pamulu wake, kununkhiza, n'kudutsa ali chete. Akuluakulu ankamutchula ndi nambala, koma amayi osanja anamutcha Nkhutukumve.

Timaanyezi tating'ono kwambiri ta Nkhutukumve ankagawira antchito kuti akathire m'ndiwo, bola Mphuno akatinunkhiza kaye. Anzake anadya. Siyeni toyamba sanadye.

Kwawo, m'chigwa cha Mtsukwa, mtsikana akamapita kuchitengwa mayi ake amamupatsa nkhata ya anyezi wofiira, wolukidwa masamba, kuti akayambire dimba. Ndipo aliyense amadziwa kuti mbewu yabwino ukaipeza kumene wapitako, yoyamba imabwerera kwanu. Mayi ake a Siyeni anamwalira kale, koma Mwandida, mkulu wake, ankamutumizira mbewu nthawi zonse dimba likawola, osawerengera. Tsopano mbewu yabwino inali m'manja mwa wamng'ono. Akanaikazinga bwanji?

Mtsukwa chinali chigwa chokhacho chimene chivunde chinali chisanalowe. Anachizinga ndi waya, n'kusiya chipata chimodzi, ndipo pachipatapo panali Mphuno wina. Lamulo linali loti matendawo akapezeka m'kati, kubwere akabawi, tindege topanda woyendetsa tolavula moto, kudzatentha madimba onse, nthaka n'kutsekedwa kwa zaka zambiri. Kumayambiriro kwa chisanu Siyeni anafika pachipatapo atamanga Nkhutukumve pansonga ya chitenje. Mphuno ananunkhiza mfundoyo nthawi yaitali. Nyale inabiriwira. Mwandida atamva nkhani ya anyezi wosawola anaimba nthungululu, ndipo anamudzala pakati pa mabedi a wofiira kuti achite maluwa, akolole njere.

Panapita miyezi. Tsiku lina Mwandida anatumiza anyezi wofiira woyamba kukhwima kudzera kwa dalaivala wa basi. Wina Siyeni anamupachika pamsomali, wina anamuika m'lichero limodzi ndi Nkhutukumve wa ndiwo. Sabata isanathe m'nyumba munayamba kumveka fungo limene ankalidziwa kuposa fungo la mwana wake. Wa pamsomali anali bwino. Wa m'lichero anali atafewa, kuyambira mbali imene inagundana ndi Nkhutukumve. Nkhutukumveyo anali gwa, ngati sizikumukhudza.

Siyeni ananyamula lichero lonse kupita nalo kwa Dokotala Kalumbi, mayi wamtali waimvi amene ankatsogolera kafukufukuyo.

"Adokotala, pepani kukusokonezani. Mwina ndi umbuli wanga, koma taonani izi."

Dokotala anayang'ana m'licheromo, nkhope n'kugwa. "Amake Mzati, inunso mwaziona? Ine ndakhala ndikuona kuti m'nyumba zagalasi mizere yoyandikana naye ndi imene imayamba kufa. Ndimati nditsimikize kaye. Tabwerani."

Dokotala anadula Nkhutukumve pakati. M'kati munali moyera, mopanda banga, fungo lake lotulutsa misozi ngati la anyezi aliyense. Anafinyira kadontho pakagalasi, n'kukalowetsa m'makina okuza zinthu, ndipo chithunzi chinatuluka pakhoma lonse. Siyeni anabwerera m'mbuyo. Khoma lonse linkanyang'ama. Timizeremizere tosawerengeka tinkasambira, kugundana, kugawikana pakati, ngati mphutsi pa nyama yoiwalika.

"Mayo! Zonsezi m'kadontho kamene kaja?"

"M'kadontho kamene kaja."

"Nanga bwanji sakuwola?"

"Waphunzira kukhala nazo. Zimadya pang'ono, iye n'kumakulabe. Tinkafuna anyezi wopirira, ndipo tamupezadi. Koma kupirira si kuchira. Amaziyendetsa kulikonse kumene wapita, m'madzi othirira, m'nthaka, mwinanso m'njere."

"Koma Mphuno amamudutsa."

"Mphuno samva tizilombo, amake Mzati. Amamva mnofu wowola. Pamene palibe chowola, iye alibe chonena." Dokotala anavula magalasi n'kutikita m'maso. "Mwayi wake ndi woti tinkangopereka wa ndiwo. Moto wa pamphika umapha zonse. Palibe amene anakamudzala, eti?"

Mzati anayamba kulira kumbuyo. Siyeni anamutembenuzira kutsogolo n'kumupatsa bere, maso ali pa mwanayo.

Ataweruka anakhala pakhonde n'kuimba foni kwawo. Chithunzi chinaima m'mwamba pamwamba pa chikhatho chake, ndipo amene anatulukira anali mlamu wake, a Gamulani, chipewa chili chopendekeka.

"Mkazi wanga wamng'ono! Wandisowa eti?"

"Alamu, ndipatseni achemwali."

"Iii, popanda ndi moni yemwe? Wa ku Tete uja akachedwa ungobwera, iwe. Chipinda chilipo, bola uzidziwa kuthirira."

"Muyambe mwamaliza kufolera khitchini ija, ndiye muzifunsira. Ndipatseni achemwali."

A Gamulani anaseka n'kuyenda ndi foni mpaka kudimba. Mwandida anaweramuka, matope ali m'manja.

"Siyeni, taona mwana wako!" Anatembenuza foni. Pakati pa mabedi panaima mapesi ataliatali, lililonse litasenza mpira wa maluwa oyera, njuchi zili piringupiringu. "Sindinaonepo anyezi wamphamvu chonchi. Anthu akumabwera kudzangomuona."

"Achemwali, munamudzala yense pamenepo?"

"Yense bwanji? Ndidye ndekha ngati mfiti? Ndinagawirako Nagama wa kumtunda kwa ngalande, ndi amayi a kumvano, aliyense kamodzikamodzi. Akukudalitsa chigwa chonse, mng'ono wanga. Akuti Siyeni sanaiwale kwawo."

Kumtunda kwa ngalande. Madzi ochokera kwa Nagama ankadutsa m'dimba lililonse mpaka kumunsi.

"Nanga wofiira wa amayi ali bwanji?"

"Ali bwino. Kungoti masamba apakati achita chikasu m'mabedi ena, akugona pang'ono. Ndi chisanu ichi."

"Tamufinyani mmodzi pakhosi."

"Ndimufinyirenji, asanakhwime?"

"Tangomufinyani, achemwali."

Mwandida anawerama. Chithunzi chinagwedezeka, chinaonetsa thambo, kenako nthaka. Panapita kanthawi. Atabwereranso anali akupukuta chala pachitenje, ndipo ankapukutabe ngakhale chinali chitauma.

"Ndi madzi chabe," anatero. "Bambo akewa amathirira mopyola."

"Nthawi zonse wolakwa ndine," anatero a Gamulani chapatali, koma sanaseke.

"Nkhata ya Tinyade ili kuti?" anafunsa Siyeni. Tinyade anali mwana woyamba wa Mwandida, ndipo chinkhoswe chake chinali pafupi.

"Ili pamene imakhala, kudenga la khitchini, mu utsi. Ndinailuka ndi wa chaka chatha. Wafunsiranji?"

"Musaitsitse. Musaikhudze ndi manja ochokera kudimba. Ndibwera mawa."

"Siyeni, kwagwanji?"

"Ndibwera mawa, achemwali."

Tulo sitinabwerenso. Atati akhale chete, mwina chigwa chikanakolola theka, anthu n'kumati ndi chisanu, njere za Nkhutukumve n'kutuluka pachipata nyale ili yobiriwira, kupita kulikonse kumene mwana wamkazi wa ku Mtsukwa anakwatiwa. Atati anene, akabawi akanabwera, ndipo anthu amene ankamudalitsa akanaima m'phulusa la madimba awo akutchula dzina lake.

Kutacha anabereka Mzati n'kukadikira Dokotala Kalumbi pakhomo la siteshoni. Sanazungulire.

"Adokotala, Nkhutukumve ali ku Mtsukwa. Ndinapita naye ndine. Wachita maluwa, ndipo wofiira wayamba kufewa."

Dokotala anagwira chitseko ngati chikufuna kumugwera. "Ku Mtsukwa? Mayi inu, kumene kuja ndi kumene timati tikatenge mbewu yoyera tikalephera kuno."

"Ndikudziwa."

"Ndiyenera kuwadziwitsa a zaulimi lero lomwe. Akabawi anyamuka mawa."

"Adziwitseni. Koma ndikupempha ziwiri. Achemwali anga asamve kwa ndege, amve pakamwa panga. Ndipo kudenga la khitchini yawo kuli nkhata ya wofiira wa chaka chatha, sinagunde nthaka ya chaka chino. Ndikaitsitse moto usanafike, mudzaione pakhoma lanu lija. Ikakhala yoyera, muisunge kuno. Ndi ya mwana amene akukwatiwa."

 Dokotala analowa m'kati n'kutuluka ndi bokosi lagalasi lotseka ndi magolovesi. Anamusambitsa Siyeni manja ndi mapazi m'mankhwala, n'kumupatsa nsapato zina.

"Muiike umu, mutseke, musatsegulenso. Sindikulonjeza kuti ikhala yoyera."

Dzuwa lisanafike pamutu Siyeni anatsika basi pachipata cha Mtsukwa. Kumunsi madimba anali obiriwira kuchokera phiri ili kufika phiri lija, ndipo apa ndi apo pankaoneka timadontho toyera ta maluwa. Chapatali, panjira yochokera kumudzi, Mwandida ankabwera kudzamuchingamira, akukupiza dzanja.

Mphuno anamuyandikira. Ananunkhiza bokosi lopanda kanthu, nsapato zachilendo, mapazi a Mzati, nsonga ya chitenje pamene kale panali mfundo. Nyale inabiriwira, ndipo anapatuka duu kuti mayiyo adutse.

Siyeni anakweza mwana bwino kumsana n'kuyamba kutsetsereka. Makinawo sananame tsiku loyamba lija, ndipo sananame lero. Anawaphunzitsa kumva chimene chawola kale, koma palibe amene anawaphunzitsa kununkhiza mphatso.