Nsomba ya Asiya pa Khoma

"Ndi nsomba!" anatero Asiya.

"Iyayi, ndi khasu," anatero Uladi, mchimwene wake.

"Ndi nsomba, achimwene!"

"Nsomba ya mpini? Kalimire nayo thonje!"

Asiya anali atajambula pa khoma la nyumba. Anajambula ndi matope. Anajambula ndi chala.

Kale banja lawo linkakhala ku nyanja ya Chiuta. Nyumba ya ku Chiuta inali yokongola. Amayi ankajambula pa khoma. Ankajambula nsomba. Ankajambula mabwato. Ankajambula akakowa oyera mbee. Anthu odutsa ankaima n'kumayang'ana.

Kenako mvula inakana. Kunagwa njala yaikulu. Iwo anasamukira kwa Nsamala, kwa amalume. Amayi anadwala nthawi yaitali. Anachira, koma sanajambulenso. Asiya ankalakalaka khoma la ku Chiuta.

Tsiku limeneli dzuwa linaswa mtengo. Matope aja anauma. Mchira wa nsomba unagwa. Mutu unagwanso.

"Khasu lako lathyoka," anaseka Uladi.

Asiya anajambulanso. Matope anagwanso.

Amayi anali pa mkeka, akusankha thonje. Ankamuyang'ana Asiya.

"Khomalo lili ndi ludzu, mwanangu," anatero amayi. "Yamba walimwetsa."

Asiya anawaza madzi pa khoma.

"Dothilo lili ndi timiyala. Lipere pa mwala."

Asiya anapera dothi lofiira. Anaperanso makala. Uladi anabweretsa phulusa loyera.

"Chala n'chachikulu," anatero amayi. "Tola nthenga ya nkhuku."

Asiya anatola nthenga. Anaifumbata ndi dzanja lonse. Dothi linachucha pa khoma.

"Iii, Asiya! Nthenga sagwira ngati munsi. Bwera nayo kuno."

Amayi anaimirira. Anaviika nthenga m'dothi lofiira. Anayamba kujambula nsomba. Mzere woyamba unakhota.

"Manja anga anaiwala," anatero amayi.

"Yesaninso, amayi."

Amayi anayesanso. Mzere wachiwiri unayenda bwino. Wachitatu unayenda ngati madzi. Anapaka phulusa ku mimba. Anadontheza makala pa diso. Kenako anataya nthenga ija. Anapaka msana ndi chikhatho chawo.

"Ndi mlamba!" anakuwa Uladi. "Taonani ndevu zake!"

Amayi anaseka. Anajambula bwato la amuna awo. Anajambula bango. Anayamba kuimba nyimbo ya ku Chiuta. Thonje analiiwala pa mkeka.

Kenako anatembenuka.

"Tenga nthenga ina, Asiya. Suja umafuna nsomba yako?"

Asiya anapukusa mutu. Anagwira dzanja la amayi. Linali lofiira mpaka m'chigongono.

"Iyayi, amayi," anatero Asiya. "Ine ndimangofuna kuona manja anu ali ndi dothi, ngati kwathu."