Mpweya wa Chimphona

Anakumana pa siteji ya basi mvula ikugwa. Mtsikanayo anali atangoyamba kumene ntchito yoluka tsitsi, ndipo tsiku limenelo chikwama chake chinang'ambika, zipeso zonse n'kumwazikira m'matope. Amene anawerama kudzamuthandiza anali mnyamata wamtali, wa mapewa ngati chitseko. M'malo mothokoza, mtsikanayo anayamba kumulangiza kuti asaponde sizasi, ndiponso kuti azipukuta kaye chipeso asanamupatse.

"Koma ndiwe kapitawo ndithu," anatero mnyamatayo akuseka.

"Iwenso chimphona, manja onsewo osatha kugwira chipeso."

Mayinawo anawamatirira. Zaka zinadutsa, Kapitawo anatsegula saluni yakeyake, Chimphona anakhala dalaivala wa lole ya maulendo ataliatali. Akabwerako ku ulendo, ankayamba wafika ku saluni, n'kukhala pa benchi ya makasitomala, miyendo itatchinga njira yonse. Amayi odzalukitsa tsitsi ankawafunsa kuti ukwati uliko liti, ndipo onse awiri ankaseka. Kapitawo ndiye ankaseka mokweza kwambiri. Koma akatseka saluni madzulo, kuseka kuja kunkamuwawa pachifuwa.

Tsiku lina Chimphona anabwera ndi chithunzi pa foni. Anali mtsikana wogulitsa mu shopu ya mafoni, ndipo iye ankangomutchula kuti Duwa. Ananena kuti wamuveka kale mphete. Kapitawo anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako ananena kuti mtsikanayo ndi wokongola. Sananame. Akananenanso chiyani?

Matenda anabwera mwakachetechete. Chimphona anabwerako ku ulendo wina akutsimphina, katumba wa mwendo wamanzere atatupa, akutentha, khungu likunyezimira. Kapitawo anamuuza kuti apite kuchipatala tsiku lomwelo, iye anangoti ndi kutopa, apita mawa. Mawa lake masana, akumukhomera shelefu m'saluni, anangosiya hamala n'kukhala pansi, dzanja lili pachifuwa, akupuma wefuwefu ngati wathamanga mtunda wautali. Milomo inali itatuwa. Kapitawo anasiya kasitomala mutu utalukidwa theka, n'kuthamangira pakati pa msewu kukaimitsa galimoto.

Kuchipatala anamuthamangira naye m'kati. Patapita nthawi, adokotala, mayi wamfupi wolankhula mofatsa, anaitana Kapitawo ndi amayi ake a Chimphona kuti aone chithunzi cha m'chifuwa mwake. Pa kompyutapo panaoneka ngati mtengo wa nthambi zambirimbiri, zazikulu, zazing'ono, mpaka tina towonda ngati tsitsi. Adokotala anati imeneyo ndi mitsempha ya m'mapapo. Kenako analoza pomwe nthambi yaikulu inagawikana, pomwe panali kachinthu kakuda kotalika ngati chala. Anafotokoza kuti chifukwa chokhala nthawi yaitali pa chiwongolero osatambasula miyendo, magazi anaundana mu mtsempha wa m'mwendo, ndipo chibuma china chinanyotsoka n'kuyenda mpaka kukatseka njira m'mapapo.

Kapitawo anayang'anitsitsa kachinthu kakudako. Munthu uja wonyamula tayala la lole yekha, wagwetsedwa ndi kanthu kameneka? Ndipo mtengo wokongola chonchi unali m'chifuwa mwake zaka zonsezi, ukugwira ntchito usana ndi usiku iye akuseka pa benchi?

"Apulumuka, adokotala?"

"Mwafika naye pa nthawi yake," anayankha adokotala. "Mukanachedwa pang'ono, bwenzi tikukamba zina. Tsopano timupatsa mankhwala oti magazi asapitirize kuundana. Chotsalacho thupi lake lisungunula lokha pang'onopang'ono."

Mawu akuti "lokha" anamukhala Kapitawo mumtima. Anabwerera m'wodi n'kukhala pambali pa bedi, akuyang'ana chifuwa chachikulu chija chikukwera, chikutsika, mpweya ukulira m'kachigoba ka kumaso. Anali asanaganizepo kuti kupuma ndi chinthu choti munthu angachiyang'ane osatopa.

Amayi ake a Chimphona anali okalamba, miyendo inkawavuta, choncho zambiri zinagwera Kapitawo. M'mawa ankamupukuta kumaso, kumumwetsa tiyi pang'onopang'ono, kenako ankathamangira ku saluni, masana n'kubweranso. Anesi akabwera ndi jakisoni wa pamimba, chimphona chonsecho chinkatsinzina ngati mwana n'kumugwira dzanja mpaka zala kuchita dzanzi. Tsiku lina amayi anabweretsa madzi otentha kuti amuthowe mwendo, nesi anawaletsa msanga, amvekere kusisita kukhoza kunyotsola chibuma china. Amayiwo anabweza manja awo, ndipo Kapitawo anawakumbatira mpaka mantha atatsika.

Odwala anzake m'wodimo ankamutchula Kapitawo kuti mlamu. Iye anatopa nako kukonza, anangowasiya.

Duwa anabwera kamodzi kokha. Anaima kumiyendo kwa bedi, fungo la perefyumu litadzaza wodi yonse, anafunsa nesi ngati munthu wotere amadzayendetsanso lole, kenako anati fungo la chipatala likumuchititsa nseru. Kuyambira pamenepo kunkangobwera mauthenga. Popeza dzanja la Chimphona linali ndi diripi ndipo maso ankatopa msanga, wowerenga anali Kapitawo.

"Moyo wanga, mtima wanga wagona pa bedi lomwelo. Ndibwera mawa, ndalumbira."

Chimphona ankamwetulira pansi pa kachigoba kaja, n'kunong'ona kuti amuyankhe chilichonse chokoma. Kapitawo ankalemba, zala zikulemera. "Chitseko chikatseguka ndimayesa ndiwe. Ngakhale uchedwe bwanji, malo ako palibe adzakhalepo." Sankavutika kupeza mawu. Anali nawo ambiri, osungidwa kalekale, kungoti ankapita kwa munthu wolakwika.

Mawa la Duwa silinafike.

Mlungu wachiwiri, ku saluni kunabwera mayi wina wolongolola, wofuna tsitsi la ku ukwati wa mchimwene wake Loweruka likubweralo. Anati banja lakhala likukonzekera kuyambira chaka chatha, ndipo mkwatibwi ndi chiphadzuwa choti munthu sungachotsepo maso. Anatulutsa foni kuti onse aone. Kapitawo anasuzumira, chipeso chili m'manja. Pa chithunzipo panali Duwa, atatsamira pa phewa la bambo wina wa suti, akuseka mano onse pamtunda.

Chipeso chinagwa. Kuyambira chaka chatha! Ndiye kuti nthawi yonse imene Chimphona ankaoloka mapiri ndi zigwa akuimba nyimbo za Duwa, mwiniwake ankasankha diresi la ukwati wina. Kapitawo anamaliza kuluka tsitsilo osadziwa chimene manja ake akuchita.

Atafika kuchipatala masana, anapeza Chimphona atamuchotsa kachigoba kaja, atakhala tsonga, akupuma yekha. Anali wosangalala ngati mwana. Anamupatsa foni kuti awerenge uthenga umene unali utangofika. Kapitawo anaona mawu oyamba okha, "Mfumu ya mtima wanga, mawa ndithu," n'kulekera pomwepo. Anaganiza za mtengo uja wa m'chifuwa, mmene ukuvutikira kuchira. Kodi ukanapirira nkhani yotere? Koma nanga akanapitiriza bwanji kumudyetsa bodza ndi pakamwa pake?

"Sindiwerenga," anatero. "Chimphona, sindinakunamizepo chiyambire. Duwa akukwatiwa Loweruka. Ndaona chithunzi ndi maso angawa, ndipo mlongo wake wa mwamunayo ndamuluka tsitsi ndi manja angawa."

Chimphona sanakuwe. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anaimba foni yekha. Duwa atamva funso lake anati ankafuna kumuuza akachira, n'kudula. Chimphona anatembenukira kukhoma. Mapewa aakulu aja anayamba kugwedezeka, ndipo kamakina ka pachala koyeza kugunda kwa mtima kanayamba kulira mofulumira. Nesi anabwera, anaona, n'kuuza Kapitawo kuti amusiye alire, misozi siitseka mtsempha.

Masiku otsatira Chimphona sankalankhula. Kapitawo ankabwerabe, kumupukuta kumaso, kukhala pambali osamufunsa kanthu. Loweruka anatseka saluni tsiku lonse, ngakhale ndilo tsiku la makasitomala ambiri, n'kukhala naye mpaka nthawi yoona odwala itatha. Akunyamula chikwama kuti azipita, Chimphona analankhula, maso ali kudenga. Anati wakhala akuwerenga mayankho aja amene ankapita kwa Duwa, ndipo iye sakanatha kupeka mawu otero ngakhale atamupatsa chaka.

"Unkawatenga kuti?"

"Gona, ukudwala," anayankha Kapitawo, n'kutuluka mofulumira nkhope ikutentha.

Chimphona sanamufunsenso. Anatuluka m'chipatala ndi mapilitsi oti azimwa miyezi ingapo, ndi lamulo loti aiwale kaye za maulendo ataliatali. Bwana wake anamupatsa ntchito ya pa geti, yoona malole otuluka ndi olowa. Anali ataonda, malaya akumukhuthukira, ndipo akayenda pang'ono ankaima kuti apume. Madzulo aliwonse Kapitawo ankamuyendetsa mumsewu wa kwawo monga anauzira adokotala, lero mpaka pa mpopi, mawa mpaka pa golosale. Ankakamba za zinthu wamba. Koma nthawi zina Kapitawo akacheuka ankamupeza akumuyang'ana ngati munthu amene wangomuona kumene.

Tsiku lokaonananso ndi adokotala, chikepe cha chipatala chinali chitawonongeka, ndipo ofesi yawo inali pamwamba penipeni. Kapitawo anati akafune wilitcheya ndi anthu omunyamula. Chimphona anakana. Anagwira chitsulo cha m'mbali n'kuyamba kukwera, sitepe imodzi, kupuma, ina, kupuma. Kapitawo anali pambuyo pake manja ali chire, ngati akanatha kumuwakha akagwa. Thukuta linanyowetsa msana wonse wa malaya. Anthu otsika ankapatuka n'kumuyang'ana.

Anafika pamwamba. Anaima, n'kukoka mpweya wautali, ndipo Kapitawo anaumva ukulowa wonse, wopanda kukodwa paliponse. Chimphona anatenga dzanja la Kapitawo n'kuliika pachifuwa pake. Pansi pa chikhatho, mtima unkagunda mwamphamvu, mwadongosolo, wamoyo. Misozi inalengeza m'maso mwa Kapitawo.

"Sindinafune kulankhula ndili chigonere, ungati ndi mankhwala, kapena ndikufuna wondidwazika," anatero Chimphona. "Ndimafuna ndiime ndi miyendo yanga. Ndinali wakhungu, wokondedwa. Lole ndilibe, mphamvu zatsala theka, koma mpweya umene wabwererawu ndikufuna ndiuthere pa iwe. Undilola ndikukwatire?"

Mayi wina amene ankakolopa khonde anaimika mopu, n'kutsamira pa ndodo yake osabisa n'komwe kuti akumvetsera.

Dzanja la Kapitawo linali likadali pachifuwa paja, likukwera ndi kutsika.

"Ndalola," anatero. "Ndalola ndi mtima wonse. Tsopano khala pansi, ungandigwere."

Mayi wokolopa uja anakoka mpando, anaupukuta ndi epuloni yake, n'kuwaikira.