Zala za Choko Kumbuyo kwa Kompyuta

"Kodi waifai imachokera limodzi ndi magetsi, n'kuiwala njira yobwerera?"

Anafunsa choncho Mzime. Amayi ake anali pakona, atawerama pa makina osokera, akupinda diresi la kasitomala. Magetsi anali atayaka kale, firiji ikung'ung'udza, koma pa kompyuta ya patebulo kachizindikiro ka waifai kanali katasowa. Nthawi inali itadutsa 3 koloko. Fomu yofunsira malo kusukulu ya unamwino, ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera kwawo, inkatsekedwa 4 koloko.

Aka kanali kachitatu sabata imeneyo. Magetsi akangozima, waifai inkasowa, n'kudzabwera yokha m'mawa mwake. Koma lero kunalibe zodikira mawa.

Anaimbira foni mkulu wake, yemwe ankakonza makompyuta kuntchito kwake, kutali.

"Asisi, yasowanso."

"Waizimitsa n'kuiyatsanso?"

"Kawiri."

"Nanga foni yako ikugwira intaneti ya m'nyumbamo?"

"Ikugwira. Koma fomuyi pafoni ikukana."

"Ndiye vuto lili mu kompyutamo. Zula chingwe kukhoma, udine batani loyatsira, uwerenge mpaka 30. Usawerenge mobera ngati muja unkachitira pachibisalirano."

Mzime anawerenga mpaka 30. Anabwezera chingwe n'kuyatsa. Palibe chinasintha.

"Gwada uyang'ane kumbuyo kwake," anatero mkulu wakeyo. "Pali kachipangizo kakuda, kakang'ono ngati chikhadabo, kamene ndinalowetsamo ine. N'kamene kamakoka waifai. Magetsi akazima nthawi zina kamagona. Kazule, ukabwezeremo."

Mzime anagwada, n'kukokera bokosi la kompyutalo poyera. Anaona zingwe, fumbi ndi kangaude wakufa.

"Palibe, asisi. Pali bowo lokha."

"Palibe bwanji? Magetsi alibe manja, iwe."

Apa m'pamene anaziona. Pachitsulo chakuda, pambali penipeni pa bowolo, panali zidindo za zala ziwiri zoyera mbee. Chinali choko. M'nyumba monsemo munali munthu mmodzi yekha amene zala zake zinkakhala choncho, chifukwa cholemba mizere pansalu tsiku lonse.

Makina osokera anali atasiya kulira.

Mzime anadula foni osatsanzika. Anatembenukira kwa amayi ake.

"Amayi?"

Amayi sanacheuke. Anatsegula kachitini ka mabatani, n'kuyamba kufufuza ndi chala pang'onopang'ono, ngati akufuna batani la malaya. Anatulutsa kachipangizo kakuda n'kukaika pansalu.

"Amayi, inu? Katatu konse?"

"Ukapita panja kukaona ngati kwa anzathu azimanso, ine ndimakazula," anatero, mawu ali pansi. "Kukacha ndimachita manyazi, ndimakabwezera."

"Koma ndalama ya mayeso munalipira ndinu! Munkandidzutsa ndinu kuti ndiwerenge!"

"Ndinkakudzutsa, inde. Mkulu wako anapita. Mchimwene wako anapita. Bambo ako ndiye anapitiratu. Dzulo ndinawerenga makapu m'kabati, alipo asanu ndi atatu. Ndizimwera iti?"

Mlungu wonse Mzime anatukwana magetsi, anamenya tebulo, analirira paphewa la amayi omwewa, iwo akumusisita kumsana ndi zala zomwezo. Anafuna kukalipa. Koma anaona manja aja ali pansalu, manja amene ankalowetsa ulusi m'singano osayang'ana n'komwe.

Wotchi ya pakhoma inkati kwatsala mphindi khumi ndi zisanu.

Mzime sanatambasule dzanja. Anangokhala pansi pomwepo, akuwayang'ana. Amayi anaimirira, anakutumula ulusi pamiyendo, n'kugwada pambali pake. Sanafufuze bowolo, ankalidziwa bwino. Anangolowetsamo kachipangizo kaja. Posakhalitsa kachizindikiro kanatulukira pakona ya sikirini, mizere yake yonse itadzaza.

Anabwerera pampando wawo, n'kuika phazi pa chopondera cha makina.

"Tumiza fomuyo," anatero. "Koma tsiku lonyamuka, mkulu wako adzabwere kudzakuperekeza ku basi. Ine sindidzapitako."