Katemera wa Kuseri kwa Sitolo

Muriel sankadutsa pafupi ndi firiji osaikhudza. Ankaika chikhatho pachitseko ngati mayi womva kutentha kwa mwana, kenako n'kupitiriza ntchito. Sitolo yake ya mankhwala inali pamsika wina kwa Malemia, ndipo chaka cha kolera a zaumoyo anamusungitsa katemera wakumwa, chifukwa firiji yake inali ya sola.

Panalinso chifukwa china. Amayi a mpingo wina wokana mankhwala sakanapita kuchipatala anthu akuona. Koma kwa Muriel ankabwera ngati ogula sopo. Iye ankawalowetsa kuseri, n'kumwetsa ana awo, osalemba kanthu poopa amuna awo. Anavutika miyezi kuti amayiwo amukhulupirire.

Tsiku lina masana anabwerako msanga kumaliro. Anapeza mwamuna wake, Sebastiano, atagwada pafiriji. M'manja anali ndi jakisoni. Ankapopa katemera m'timabotolo n'kuthiramo madzi otsukira mpunga.

"Mukutani, bambo?"

"Tseka chitseko."

"Ndati mukutani?"

"Kutsidya ku Mozambique akumufuna katemerayu. Azimayi akowa akadandaula kwa ndani? Kwa abusa awo?"

Muriel anamulanda jakisoniyo. Sebastiano analumbira kuti wangokhudza bokosi limodzi. Muriel analitaya m'chimbudzi. Mabokosi enawo sanawayang'ane. Ankaopa zomwe akanapeza. Kuuza a zaumoyo kukanatseketsa sitolo, choncho anakhala chete.

Tsiku la msika kunabwera Otilia, mayi wa mpingo uja, atagwira mkono mwana wake Lorenso.

"Akadziwa bambo ake andithamangitsa," anatero Otilia.

"Sadziwa. Yasamula, Lorenso."

Mwanayo anameza, n'kukwinya nkhope.

"Takhuta, mayi," anatero Otilia pothokoza, n'kubisa sopo m'chitenje.

Mvula itakula, zitsime zinasefukira. Kolera inalowa m'mudzi wa Otilia. Lorenso anayamba kutsegula m'mimba m'mawa. Bambo ake anakana zopita naye kuchipatala, anaitana anthu opemphera. Dzuwa lisanalowe, mwanayo anali atapita.

Muriel anapita kumaliro akuyembekeza kutukwanidwa. Otilia anangomukokera kuseri kwa nkhokwe.

"Ndamupha ndine," ananong'ona. "Ndinaphwanya lamulo la mpingo. Mulungu wandilanga."

"Ayi, Otilia."

"Nanga n'chiyani? Katemera wanu uja anamwa. Anzanga onse akuti sabweranso. Akuti ndi yemweyo wamupha."

Muriel anachoka pamaliropo. Atabwerera kusitolo anatsegula mabokosi otsala. Pamphira wa kabotolo kalikonse panali kabowo ka singano. Analawa kamodzi. Mpunga.

Sanadikire Sebastiano. Anakwera njinga ya kabaza mpaka kupolisi, timabotolo tili m'jumbo. Anapeza Sajeni Esinala Nyathando akudya mango pakhonde.

"Ndabwera kudzaneneza mwamuna wanga."

"Wakumenyani?"

"Bola akanandimenya."

Anafotokoza zonse. Sajeni anapukuta manja, n'kuyang'ana kabotolo padzuwa.

"Amawolokera pati?"

"Padoko la asodzi, kumunsi kwa msika. Amanyamula kabokosi kozizira kabuluu, pamwamba amaikapo zakumwa."

"Liti?"

"Mawa m'mawa. Wauza wa bwato kale."

M'mawa mwake Sajeni ndi wapolisi mnzake anakhala padoko atavala wamba, ngati ogula nsomba. Sebastiano anafika akuimba mluzu, kabokosi kali paphewa. Ataponda m'bwato, Sajeni anagwira chingwe cha bwatolo.

"Achimwene, tigulitseni chakumwa. Kwatentha."

"Nkhabe, zili ndi eni ake," anakana Sebastiano.

"Tsegulani tione eni akewo."

Sebastiano anayang'ana mtsinje. Madzi anali odzaza, ndipo aliyense padokopo ankadziwa za ng'ona za pamenepo. Sanadumphe. Pansi pa zakumwa panali botolo lodzaza katemera, lokulungidwa m'nsalu yonyowa.

"Ndani wandipereka?" anafunsa unyolo ukulowa.

"Mukafunse amene mumagona naye," anatero Sajeni.

Masana Sajeni anafika kusitolo. Anakana mpando.

"Mwamuna wanu walankhula. Akuti munamupeza akuchita, mwana uja asanamwe."

"Sakunama."

"Dzulo simunanene zimenezo."

"Ndikunena lero."

Sajeni anatembenukira kukhomo. "Mawa mubwere nokha kupolisi. Musandiyendetse padzuwa. Ndipo mwina simubwerera tsiku lomwelo."

Atachoka, mng'ono wake wa Muriel, Faness, anathamangira m'sitolomo.

"Achemwali, wa bwato ndi mlamu wanga. Mukhoza kuwoloka lero. Ndani akakusakeni kutsidya?"

"Ndikawoloka, Otilia adzafa akuganiza kuti anapha mwana wake. Ndipo palibe mwana wa mpingo uja adzamwenso katemera."

"Ndiye mukawauze kuti munawamwetsa madzi a mpunga? Akugendani!"

"Mwina."

Muriel analowa kuchipinda. Anaika m'chikwama zitenje ziwiri, bulangete, mswachi ndi kapu. Makiyi a firiji anapatsa Faness kuti akapereke kwa a zaumoyo.

"Polisi ndi mawa," anatero Faness akulira. "Nanga chikwama n'cha chiyani lero?"

"Ndiyamba kwa Otilia. Amve kwa ine, mwamuna wake ali pomwepo. Akandisiya wamoyo, kupolisi ndikafika ndisanachedwe."

Anakoleka chikwamacho paphewa.