Osadula

Nkhani iyi ndinaimva kwa anthu atatu: mayi ake a mtsikanayo, amene ndinapemphera nawo pakhonde la chipatala, wamatayala wa pagalaja, ndi mwamuna mwiniwake, amene anandifotokozera ali kuseri kwa waya wa kundende. Sindinawonjezepo kanthu. Mulungu awachitire chifundo onsewo.

Mtsikanayo ankamutcha Kamphepo. Anabadwira m'banja la mipikisano ya magalimoto, ija yothamangira m'misewu ya fumbi. Bambo ake anali ndi zikho zodzaza shelefu, ndipo iye anaphunzira kusintha magiya akadali wokhalira pilo kuti aone kutsogolo. Pofika zaka makumi awiri ndi ziwiri anali atapambana kale kawiri. Anakwatiwa ndi makanika wa pagalaja ya bambo ake, mnyamata waulemu, wa zolemba zokongola moti anzake ankangomuti Mlembi.

Pa mpikisano wotere woyendetsa sakhala yekha. Pambali pake pamakhala wowerenga njira, kope lili pamiyendo. Mpikisano usanafike, awiriwo amayenda pang'onopang'ono mumsewu wonse n'kulemba kona iliyonse. Makonawo amaposa mazana atatu, palibe angawaloweze pamtima. Tsiku lothamanga, woyendetsa amangomvera mawu a mnzake. Akamva "dula", amalowetsa matayala mkati mwa kona. Akamva "osadula", ndiye kuti mkatimo muli mwala kapena chitsa.

Chaka choyamba mpando umenewo unali wa Mlembi, ndipo anthu ankasirira kuona mwamuna ndi mkazi akuvekana mahelimeti. Koma iye akamawerenga galimoto ikudumpha, ankachita chizungulire. Tsiku lina anasanza, n'kulumpha tsamba, ndipo anamaliza omalizira.

"Amkamwini," anatero apongozi ake galaja yonse ikumva, "manja muli nawo, koma mimba mulibe. Bwererani ku sipanala. Kopelo muzingolikopera bwinobwino, popeza zolemba zanu zimawerengeka."

Anthu anaseka. Nayenso anaseka, koma anandiuza kuti kuseka kumeneko akukumvabe mpaka lero.

Pampandopo anakhalapo Magalasi, mnyamata wofatsa amene mawu ake sankanjenjemera ngakhale galimoto ili m'mwamba. Anayamba kupambana. Zithunzi za awiriwo atanyamula chikho zinapachikidwa pamwamba penipeni pa benchi imene Mlembi ankagwirirapo ntchito.

"Aise," anatero wamatayala tsiku lina akupopa tayala, "mkazi wako amamvera bwanji! Magalasi akati kumanja, kumanja. Akati gwira, wagwira. Nanga iwe kunyumba ukati madzi, amabwera?"

Wamatayalayo analira pondiuza zimenezi. Anati kunali kucheza chabe. Koma mawu ocheza akagwera mumtima umene uli kale ndi bala, sakhalanso macheza.

Lachitatu lina Mlembi anaona mkazi wake akutsika m'galimoto ya Magalasi, atapita maola atatu osatsanzika. Mawa lake, akupukuta kakamera ka m'galimoto yothamangira, anamvetsera zimene kanajambula.

"Uwauza liti amuna ako?" anali mawu a Magalasi.

"Mpikisano ukatha. Akadziwa lero, zonse zithera pomwepo. Usauze munthu, ngakhale adadi," anayankha Kamphepo.

Masana omwewo anamupeza mkazi wake m'khitchini akutsuka makapu.

"Ndi chiyani chimene ine sindiyenera kudziwa?"

"Mwayamba kundimvetsera mobisa?"

"Yankha, iwe!"

"Lamlungu madzulo ndikuuzani. Masiku atatu okha, chonde, ndidikireni."

"Kuti muyambe mwamaliza zanuzo? Ine ndi wosanza uja, eti? Wongokopera makope a chibwenzi chako?"

"Mulungu wanga! Mukadzamva mudzachita manyazi ndi mawu amenewa."

Kapu imene Mlembi anaponya inasweka pakhoma, pafupi ndi khutu la mkazi wake. Kamphepo anangosesa zidutswa zake. Akanalankhula pamenepo, kapena Mlembi akanadikira, bwenzi lero ndilibe cholemba.

Loweruka masana Magalasi anabweretsa mapepala ake othimbirira ndi fumbi kuti akoperedwe monga mwa nthawi zonse. Mlembi anakhala pabenchi, nasongola pensulo. Patsamba lakhumi ndi chinayi panali polembedwa kuti, "Kumanzere, yothina, osadula." Malowo ankawadziwa. Mkati mwa kona imeneyo munali chitsa chachikulu chobisika m'udzu, mbali imene ankakhala Magalasi. Anawerengetsa mofatsa ngati mmene amayezera mabuleki: chitsa chidzamenya chitseko cha Magalasi, mkazi wake adzangosupuka. Kenaka analemba bwinobwino, "Kumanzere, yothina, dula."

"Sindinagwire mpeni," anandiuza. "Ndinangosiya zilembo zitatu."

Lamlungu m'mawa anamumanga yekha malamba mkazi wake. Kamphepo anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Madzulo ano."

Kakamera kaja kanajambula zonse. Mawu a Magalasi akumveka ofatsa: "Kumanzere, yothina, dula." Kamphepo anadula. Galimoto inamenya chitsa, n'kugudubuzika kanayi kutsikira kuphompho. Magalasi anafera pomwepo, kope lili m'manja. Kamphepo anamutulutsa atathyoka msana.

Kuchipatala dokotala anatuluka n'kufunsa kuti, "Mwamuna wake ndani? Pepani bambo, mayiwa akhala ndi moyo, koma mwanayo sitinathe kumupulumutsa."

"Mwana uti?" anafunsa Mlembi.

Kamphepo anali ndi pakati pa miyezi itatu. Lachitatu lija anakomoka atamaliza kuyeserera, ndipo Magalasi ndiye anathamangira naye kuchipatala. Anabisa chifukwa ankadziwa kuti mwamuna wake ndi bambo ake amuletsa kuthamanga mpikisano womaliza wa chaka. M'chikwama chake mayi ake anapezamo tinsapato ta khanda tokulungidwa m'pepala, pamwamba atalembapo kuti, "Kwa bambo ake a mwana, Mlembi wanga."

Mlembi anabisa zimene anachita kwa sabata ziwiri, akumwetsa mkazi wake madzi ndi sipuni. Koma apongozi ake sanakhulupirire kuti mwana wawo angadule kona yotero mwa yekha. Anatenga mapepala othimbirira aja m'chikwama cha malemu, nawayala pabenchi pambali pa kope loyera, n'kumatsata ndi chala mzere ndi mzere. Atafika patsamba lakhumi ndi chinayi anaitana apolisi.

Kukhoti Kamphepo anamulowetsa pa njinga ya olumala. Woweruza anamufunsa ngati sanakayike pomva mawuwo.

"Ayi, bwana," anayankha osayang'ana kumene kunali mwamuna wake. "Ndikanakayika bwanji? Kopelo analemba ndi amuna anga."

Woweruza anamupeza Mlembi wolakwa pa mlandu wakupha, namulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse.

Nsanje simafunsa. Imamva theka la nkhani, theka linalo n'kulemba yokha, ndipo chida chimene imasankha ndi chikhulupiriro cha munthu amene amakukonda. Ndimapempherera mayi ake a Magalasi, amene mwana wawo anafa chifukwa chowerenga mokhulupirika. Ndimapempherera Kamphepo, amene sadzapondanso kilatchi ya galimoto.

Mlembi ndimamupemphereranso. M'ndendemo akaidi anzake amamupempha kuti awalembere makalata, chifukwa dzanja lake likadali lokongola. Mwezi uliwonse amalemberanso mkazi wake, osasiya chilembo ngakhale chimodzi. Makalatawo amabwerera osatsegulidwa. Mayi ake a Kamphepo anandiuza kuti mwana wawoyo akangoona zolemba za paenvelopu, amatembenukira kukhoma.