Masekondi Khumi a Bambo Kuramochi

Chizuru ankagwira ntchito m'sitolo yogulitsa nyimbo ku Osaka, ndipo atafika zaka 38 anali atavomereza kuti chibwenzi chake chokhalitsa chinali chimbale. Chimbalecho chinali cha Tokiwa Shun, woimba amene anachoka m'gulu lake lotchuka n'kuyamba kuimba payekha. Okonda gululo sanamukhululukire. Chizuru yekha ndiye ankachimvera m'mawa ndi madzulo, mpaka analemba kakhadi pamanja n'kukamata pashelefu: "Gulani ichi. Mulira, musadzati sindinanene."

Mwezi wathunthu unatha, palibe amene analira.

Lachiwiri lina kunalowa bambo wa jekete lotuwa. Anavala mahedifoni a pamalo omverera, natseka maso, akugwedeza mutu ngati dokotala amene wapeza nthenda.

"Chemwali, walemba kakhadi aka ndani?"

"Ndine. Chalakwika?"

"Chalakwika n'choti mwachedwa kufika m'moyo wanga. Ine ndine Kuramochi. Za nyimbo ndimadziwako pang'ono."

Mawu akuti pang'onowo anawatchula ngati munthu wofuna kuti mumutsutse. Koma Chizuru mtima unali utapita kale. Pomaliza wapezeka munthu wa makutu!

Anayamba kuyenda limodzi. Ankadya takoyaki, timipira ta ufa tokazinga, chiimirire pafupi ndi siteshoni, ndipo foni ya Chizuru sinkapuma.

"Chizu wanga, duwa langa, ndikamva mawu a Shun ndimaona nkhope yako."

"Nanga pajapa, pamene ng'oma zimaleka n'kutsala gitala yokha, mumamva bwanji?" anafunsa Chizuru.

"Zimenezo sizinenedwa ndi pakamwa, wapamtima."

Chizuru anati kumeneko ndiye kuzama. Mnzake wa pantchito, Momoe, anati ndi ulesi.

"Iwe, munthu wakoyu chimbalechi anachimverapo koma? Mufunse dzina la nyimbo imodzi yokha."

"Nsanje basi! Iweyo wako amamvera za mpira."

"Koma amadziwa amene wagoletsa."

Mu chimbale chilichonse munali kapepala ka maere. Opambana akanadzagwirana chanza ndi Shun m'sitolo momwemo, aliyense masekondi khumi. Bambo Kuramochi anagula zimbale zodzaza thumba, osapambana olo kamodzi. Chizuru anali ndi chimodzi chokha, chake chija, ndipo maere anamugwera. Wogwira ntchito m'sitolo sankaloledwa kuima pamzere, komabe ankafuna kusinthana tsiku ndi Momoe kuti apiteko ngati munthu wamba. Anali atakonza kale mawu oti akanene, akuwayeseza pagalasi ndi wotchi m'manja.

Uthenga wa Bambo Kuramochi unabwera: "Sindikudya, Chizu. Munthu ngati ine kulephera kuonana ndi Shun? Ukandipatsa kapepalako, ndikulonjeza, ndikamuuza kuti 'nyimbo zanu zandipezera mkazi.' Pamaso pa anthu onse!"

Mkazi! Ndani sakanapereka? Anapereka.

Tsikulo litafika, bwana wa sitolo anamupatsa Chizuru wotchi. Ntchito yake inali kuima pambali pa tebulo, kuwerenga masekondi, n'kuchotsa aliyense wokakamira dzanja la woimba. Anasangalala. Ndiye kuti lonjezo lija alimva ndi makutu ake, ali pomwepo!

Mzere unayenda. Atsikana ankalira, anyamata ankaiwala mayina awo. Kenako anafika Bambo Kuramochi. Sanamuyang'ane n'komwe Chizuru. Anamasula mabatani a jekete, ndipo mkati munaoneka malaya a gulu lakale lija, ndi kabaji kolembedwa kuti Wapampando.

Anagwira dzanja la Shun ndi manja awiri, natsokomola ngati akutsegulira msonkhano.

"M'malo mwa bungwe la okonda gulu lenileni, nthambi ya kuno, ndabwera kudzakuuzani kuti bwererani kwa anzanu! Chimbale chanuchi ife tinapangana kuti sitichimvera, ndipo ine sindinachimvere ngakhale..."

Wotchi inali pa sekondi yachisanu ndi chimodzi. Chizuru anawagwira mapewa mwaulemu wonse umene anaphunzitsidwa, n'kuwakankha ndi mphamvu zimene sanaphunzitsidwe.

"Zikomo kwambiri, nthawi yatha!"

Anawafikitsa mpaka pachitseko.

"Chizu, ukuchita chiyani? Ndinali ndisanafike pa mfundo yachiwiri!"

"Tsiku lija munkagwedezera chiyani mutu, mahedifoni ali kumakutu?"

"Sindinayatse. Ndine munthu wosunga pangano, iwe ukudziwa."

"Pangano! Nanga langa lija?"

"Limenelo linali pa mfundo yachinayi, duwa langa. Ukanadikira."

Chizuru anawayang'ana. Miyezi itatu akuuza munthu zakukhosi, kumufotokozera nyimbo imodziimodzi, kani ankalankhula ndi chitseko? Ndipo chitsekocho chinali ndi mfundo zinayi!

"Komanso wandibera," anatero Bambo Kuramochi akukonza kabaji. "Lamulo likuti masekondi khumi. Ndawerenga ndekha, anali asanu ndi imodzi. Ndikalemba kalata yodandaula."

"Lembani, a Wapampando. Anayi otsalawo ndi anga."

Anabwerera patebulo. Shun anali akupukusa dzanja, akumwetulira movutikira. Masekondi anayi akanakwana kunena chiganizo chimodzi, koma Chizuru anaona kuti mzere unali kudikira. Anapukuta maso ndi mkono wa yunifolomu, nadina wotchi.

"Wotsatira, chonde!"